Galimoto Yakuda ya Mayi a Mapasa

Ine munthu wogulitsa galimoto sindimukhulupirira, ngakhale abwere atanyamula Baibulo. Ndinakulira m'galaja ya amalume anga ku Limbe, ndipo ndinaona ndi maso angawa anthu akuthira oyilo wolimba ngati phala mu injini yotha kuti isafuke utsi pa tsiku logulitsa. Nditabwera ku America ndinapeza ntchito ya makompyuta mu ofesi ina ku Alexandria, yovala tayi, koma mtima wokayikira uja sindinausiye pa bwalo la ndege. Amalawi a ku Maryland ndi ku Virginia atanditulukira, Loweruka langa linatha basi. Aliyense wofuna kugula galimoto ankayamba waimba foni kwathu kuti ndikamuonere. Ndinkagwada pansi, kununkhiza oyilo, kugogoda zitseko kuti ndimve pamene anamata pobisa ngozi. Zambiri ndinkazikana, moti ena ankati ndili ndi kaduka. Koma onse ankavomereza chinthu chimodzi, ndipo ine ndinkachinyadira kwambiri: pa nkhani ya galimoto sindinkanamiza munthu.

Munali mu 2008, nyengo yotentha, chaka chimene mafuta anakwera mtengo mpaka anthu kumatukwana okhaokha pothira petulo. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, akazi anga anandilandira ndi nkhope yoti pali nkhani.

"Mayi a mapasa akufuna mukawaonere galimoto Loweruka."

Mayi a mapasa anali mnzawo wa akazi anga, Msilamu wa ku Mangochi, munthu woyankhula motsitsa mawu moti umachita kuwerama kuti umve. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Laurel, n'kumakhala ku Wheaton pa nyumba zosanjikizana, iwo ndi ana awo aakazi awiriwo amene anali atangoyamba kumene sukulu. Anali atasiyana ndi amuna awo miyezi ingapo m'mbuyomo. Tonse tinkadziwa chifukwa chake, koma pagulu tinkati kunali kusamvana. Kusamvana kwanji kotupitsa diso? Mkuluyo ankawamenya.

Ankhoswe enieni anali kumudzi, choncho amene anakhalira pansi nkhaniyo anali akuluakulu a kumzikiti, amalume ena akumvetsera pa foni kuchokera ku Malawi mpaka khadi loimbira foni kutha. Anagamula kuti bamboyo achoke m'nyumba. M'nyumba anachokadi, koma pakhomo sanachoke. Akaweruka kumene ankatsuka magalimoto, ankabwera kudzaima pa siteji ya basi tsidya lina la msewu, maso ali pa zenera. Tsiku lina ankapezeka atakhala pa masitepe. Tsiku lina ankadikira ana potsika basi ya sukulu. Anawo analeka kusewera panja.

Mungafunse kuti bwanji osaitana apolisi. Eee, kuyankhula n'kosavuta. Mayiwo anali ndi mapepala, mkuluyo analibe. Anabwera ngati mlendo n'kungokhaliratu. Foni imodzi yokha, akanamukweza ndege. Ndipo pakati pathu panali lamulo limene palibe analilemba koma aliyense ankalidziwa, loti Mmalawi saitanira Mmalawi mnzake apolisi. Akuluakulu aja anawakumbutsa mayiwo lamuloli mobwerezabwereza. Apongozi awonso ankaimba foni akulira, amvekere mwana wawoyo ndiye amadyetsa banja lonse kumudzi. Choncho mayi a mapasa ankangokhoma chitseko n'kukhala duu.

"Kagalimoto kawo ka Chijapani kaja kafa?" ndinafunsa, popeza kameneko ndinawasankhira ndine.

"Kali bwinobwino."

"Nanga akufunanso yanji?"

Akazi anga atatchula mtundu wake, ndinaseka mpaka kutsokomola. Inali imodzi mwa zimagalimoto za Chimereka zimene zinali zitangobwereranso pamsika zaka zimenezo. Dzina lake linali lakalekale la ku mipikisano, injini ya masilinda asanu ndi atatu, koma anaiikira zitseko zinayi kuti mwamuna azinamiza mkazi wake kuti wagula galimoto ya banja. Kutsogolo kwake imaoneka ngati yayambana ndi munthu. Mayi ofunda mpango, oyenda ndi botolo la tiyi, akufuna chimenecho?

Kuseka kunandithera nditakumbukira chinthu china. Chaka cham'mbuyo, pa chikondwerero chathu cha 6 Julaye ku paki, mkulu uja ankaotcha nyama uku akusimba za magalimoto amene amatsuka. Anatchula yomweyo, maso akuwala. Anati tsiku lina adzaikwera, ndipo idzakhala yakuda.

"Akufuna ya mtundu wanji?"

"Yakuda," anatero akazi anga. "Nanunso mwaganiza zomwe ndaganiza ine eti? Dzina lake lija silingatenge ngongole. Wawanyengerera, akufuna awadyere masuku pamutu. Abambo, mupite mukaiphe galimoto imeneyo. Ikangolowa pakhomo paja, nayenso walowa."

Ndinapita kukaipha.

Loweruka mayiwo anasiya mapasa kwathu, ndipo tinanyamuka pa kagalimoto kawo. M'njira anandipempha kuti ana asamve za ulendowu. Mumtima ndinati ehee, wayamba. Malo ogulitsirawo anali ku Laurel, m'mbali mwa msewu wakale wopita ku Baltimore, pamene pali mayadi a magalimoto ogwirapo ntchito ondondozana, timbendera tili petupetu. Chifukwa cha mafuta aja, zimagalimoto zikuluzikulu zinali zitangoti mbwee, eni ake atazithawa. Wogulitsa anatithamangira, mano ali mbuu, akunditchula bwenzi lake pamene anali asanandionepo chibadwire. Ine maso anga sanali pa iye. Ndinkayang'ana kuseri kwa ofesi, tsidya la msewu, m'magalimoto oimikidwa, kuti mkulu uja wabisala pati. Sindinamuone, koma zimenezo sizinandikhazike mtima pansi.

Galimotoyo inali kumapeto kwa mzere, yakuda bii, yoyendapo zaka ngati ziwiri. Ndinavula jekete, ndinayala katoni pansi, n'kuyamba kufunafuna mlandu. Oyilo anali woyera. Pansi panalibe dzimbiri ngakhale dontho lotayikira. Ndinagogoda zitseko zonse zinayi, ndinayeza mipata ya boneti ndi chala, ndinavundukula kapeti wa mu buti kufuna fungo la madzi. Palibe. Abale inu, sindinapsepo mtima ndi galimoto chifukwa chokhala yabwino, koma tsiku limenelo ndinapsa nayo mtima.

Nditailiza, pansi pananjenjemera. Si phokoso lolongolola lija la anyamata oboola ekizozi ayi. Ndi mawu akuya, omveka m'chifuwa. Wogulitsa anatenga malayisensi athu kukajambula, n'kutilola tipite tokha. Nditalowa mu msewu waukulu ndinaponda pang'ono chabe, ndipo mpando unandikankha kumsana. Ndinene zoona, kamtima kanga kanasangalala, ndipo ndinachita nako manyazi. Ndi galimoto yolemera, imagwira msewu, siigwedezeka ikadutsana ndi lole. Mabuleki ake amamva. Kumbuyo kumakhala anthu akuluakulu atatu osakanganirana mawondo, ndipo mu buti mungalowe masutikesi a munthu wopita kumudzi. Koma ine sindinatumidwe kukaiyamikira.

"Achemwali, mvetserani," ndinayamba. "Galimoto iyi imamwa ngati ili pa chisoni. Ulendo wa ku Laurel tsiku ndi tsiku, muzigwirira ntchito petulo."

"Chabwino, achimwene."

"Imakankha ndi matayala akumbuyo. Chipale chikagwa mu Januwale, izikuvinitsani pamsewu. Matayala ake n'ngodula. Ainshuwalansi akangomva dzina lake amayamba kumwetulira."

"Ndamva."

"Taonani m'katimu. Pulasitiki yekhayekha, wolimba ngati wa beseni. Ndalama zonse anathera ku injini."

"Ee, ndaona."

Aaa! Ndinkangokhala ngati ndikuyankhula ndi khoma. Foni yawo inalira m'chikwama, anaiyang'ana, n'kuidula msangamsanga. Ndinati mumtima, ndi yemweyo, akufunsa ngati zatheka. Ndinawapatsa chiwongolero pa kamsewu kena kopanda anthu kuti mwina aiope. Anayendetsa pang'onopang'ono, manja ali gwa, msana osatsamira. Zinkaonekeratu kuti sakusangalala nayo ngakhale pang'ono. Nanga munthu angagule bwanji chinthu chimene sakuchikonda, ngati sanatumidwe?

"Chinanso ndi mazenera," ndinapitiriza. "Ndi ang'onoang'ono, zitseko n'zazitali, umakhala ngati uli m'dzenje. Pobwerera m'mbuyo suona kanthu."

Apo ndi pamene anatembenuka koyamba.

"Ndiye kuti munthu ali panja sangaone bwino amene ali m'kati?"

"Ndi magalasi akudawa, sangaone."

Anaimika galimoto, n'kundipempha ndikhale pa mpando wa dalaivala. Anatsika, anayenda kapatali ndithu, anatembenuka, n'kuima akuiyang'ana. Anasuntha, anayang'ananso. Atabwerera anandifunsa ngati malimu onyezimira a matayala ake angachotsedwe, n'kuikapo achitsulo wamba, akuda. Koma abale! Munthu aliyense wogula galimoto imeneyi amafuna malimu owala, awa akufuna a galimoto ya maliro. Ndinatsimikiza kuti awa ndi malangizo a munthu wina, mayiwo angowaloweza.

Pobwerera ndinayendetsanso ine, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinati chindithandiza. Galimoto iliyonse imene ndinkaifika kumbuyo inkachepetsa liwiro. Mnyamata wina amene ankathamanga ngati wapenga anangotiona pa galasi, n'kupatukira kumbali mwaulemu. Ndinati eya, chipolopolo chomaliza ndi chimenechi.

"Mwaona zimenezo? Apolisi ayamba kugula mtundu womwewu, ina yosalemba chilichonse. Mukaika malimu akuda aja ndiye mwamalizitsa. Anthu azikuyesani apolisi. Anthu athu opanda mapepala akaiona pakhomo panu azibwerera panjira. Palibe adzabwere kudzakuonani."

Kenako anafunsa mwapang'onopang'ono, ngati munthu woopa yankho.

"Mukutsimikiza, achimwene? Inuyo amene mumadziwa magalimoto, mutaipeza itaima pakhomo, mungaganize choncho?"

"Ndingaganize choncho."

"Tiyeni nayo ku Wheaton, mukaione ili pomwepo."

Wogulitsa uja, ndi njala imene anali nayo chaka chimenecho, akanatilola kupita nayo ngakhale ku Nsanje. Tinasiya kagalimoto ka Chijapani ngati chikole. Njira yonse mutu wanga unkangozungulira. Ndinkati tikafika tikamupeza mkulu uja atakhala pa masitepe, akumwetulira, kudikira makiyi. Ndinakonzeratu mawu oti ndimuuze, ndipo sanali mawu a m'tchalitchi.

Pa masitepe panalibe munthu. Mayiwo anandiuza ndiiimike chambuyo pafupi ndi khomo lolowera, mphuno italoza kumsewu. Kenako ananditsogolera kuwoloka msewu mpaka pa siteji ya basi. Tinaima pamenepo dzuwa likuswa mtengo, tikuyang'ana. Ha! Sinalinso galimoto imene ndinagona pansi pake m'mawa uja. Inangoti zii pakati pa timagalimoto totha ta anthu osauka, magalasi ali bii, ngati muli munthu amene akulemba mayina. Bambo wina anatuluka m'nyumbamo atanyamula chikwama cha zida, anaiona, anaima, n'kubwerera kukatulukira khomo lakuseri.

Ine kupirira kunandithera.

"Achemwali, ine sindikonda kupusitsidwa. Ndiuzeni zoona. Wakutumani ndani? Ndi bambo a mapasa? Foni ija anaimba ndi iwo?"

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti ndawalasa. Anaseka kaseko kopanda chimwemwe.

"Foni ija ndi apongozi. Amaimba Loweruka lililonse. Mwana wawoyo lero ali kuntchito, Loweruka ndi tsiku lotsukitsa magalimoto, n'chifukwa chake ndasankha lero. Pamene mwaima inupo ndi pamene amaima iwo."

Ndinayang'ana pansi. Panali zotsalira za ndudu zambirimbiri, za mtundu umodzi.

Anandifotokozera tili chiimire pomwepo. Mwezi wathawo, apolisi ankafuna munthu wina wa m'nyumba yoyandikana nayo, nkhani yake sankaidziwa. Kwa masiku angapo galimoto ngati yomweyi, yakuda, yosalembedwa, inkaima pamalo omwewo. Masiku onsewo bambo a mapasa sanaoneke. Tsiku loyamba anatsika basi, anaiona, n'kukwera basi yotsatira. Mayiwo anaona zonsezo pa zenera.

"Achimwene, sabata imeneyo ndinagona tulo. Ana anakwera njinga zawo panja. Itachoka galimoto ija, mawa lake anabweranso, ndipo anamenya chitseko mpaka aneba kutuluka."

"Ndiye mukufuna kugula galimoto yoti muzingoiimika?"

"Kuntchito ndizipita pa kanga komwe kaja. Iyi izikhala apa."

Munthu wokayikira ngati ine, ndinaganizira zonse kupatula chimenechi. Ndinayesa kutsutsa. Ndinati kudzionetsa ngati wapolisi ndi mlandu waukulu m'dziko muno. Anati sadzaikapo nyali, sadzalembapo kanthu, ndi galimoto ya munthu yoimikidwa pakhomo pake, yolipiridwa msonkho. Ndinati ndalama zimenezo n'zambiri kwa munthu wolera yekha ana awiri. Anati azigwira ndi Lamlungu lomwe. Pomaliza ndinanena chimene tonse tinkaopa kunena.

"Bwanji osangoitana apolisi enieniwo? Ndi aulere."

"Ndikaitana, inu mawa mudzandipatsa moni? Mwina inu mudzandipatsa. Nanga kumzikiti ndidzakhala pafupi ndi ndani? Nanga ana akadzakula n'kumva kuti amene anakweza bambo awo ndege atamangidwa unyolo ndi ine?" Anakonza mpango wawo. "Sindikufuna amangidwe. Ndikungofuna aziopa kenakake, poti ine sandiopa, akuluakulu sawaopa, Mulungu samuopa."

Ndinamva chisoni, komanso ndinakwiya kwambiri. Ndinakwiyira mkulu uja, ndinakwiyira akuluakulu aja ndi tiyi wawo, ndinakwiyira tonsefe amene tinachititsa kuti mayi wosamalira okalamba agule injini ya masilinda asanu ndi atatu m'malo moimba foni. Koma mkwiyo wanga sukanathandiza aliyense pa siteji ya basi paja. Chimene ndinali nacho ndi nzeru za galimoto basi, ndiye ndinapereka zomwezo.

Ndinawauza kuti galimoto yongokhala imafa msanga kuposa yoyenda. Batire limatha, matayala amaphwa mbali imodzi, mabuleki amachita dzimbiri. Aziiliza ndi kuizunguliza m'mawa ana akapita kusukulu, nthawi imene mkulu uja ali kuntchito. Asamaiimike malo amodzimodzi. Lero apa, mawa apo, koma nthawi zonse chambuyo. Isamachite fumbi kapena kugwera masamba, chifukwa ya boma siikhala yauve. M'kati musamaoneke chilichonse, kaya botolo la tiyi, kaya nsapato ya mwana. Ankangogwedeza mutu, ndipo ulendo uno ankamvadi.

"Koma chija ndinanena chija n'choona," ndinawachenjeza. "Sathawa yekha. Anzanunso athawa."

"Ndikudziwa. Ndipo musauze munthu, ngakhale akazi anu. Nkhani zathu zimafika ku Lilongwe munthu usanafike pakhomo."

Tinabwerera ku Laurel. Ndinalimbana naye wogulitsa uja mpaka mano aja analeka kuoneka, ndipo nditamuuza kuti malimu onyezimira atsale, atipatse achitsulo, anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. Kunyumba akazi anga anandifunsa ngati ndaipha. Ndinati bamboyo mulibemo m'nkhaniyi, zina asandifunse. Anandinyanyalira mpaka Lachiwiri.

Sipanapite nthawi, mphekesera inayamba. Amvekere a imigireshoni akulondera nyumba ina ku Wheaton. Wina anati anaona azungu awiri m'katimo atavala magalasi akuda. Wina anati anamujambula. Ine ndinkangomvetsera, nkhope ili gwa. Amayi amene ankapita kukacheza kwa mayi a mapasa analeka. Amene ankawapempha kuti awatengeko popita kumzikiti Lachisanu anapeza njira zina. Akuluakulu aja, amene ankakonda kubwera kudzalangiza za kupirira, anayamba kulangiza pa foni. Mwezi wa Ramadani chaka chimenecho mayiwo anamasula swaumu okha ndi ana awo, tsiku ndi tsiku. Akazi anga okha ndi amene ankapitabe, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira, chifukwa analeka kundifunsa.

Masamba atayamba kufiira, Loweruka lina m'mawa, belu la pakhomo linalira. Nditatsegula ndinapeza ndi bambo a mapasa. Anali atajomba kuntchito n'kubwera pa sitima kuchokera ku Maryland mpaka ku Alexandria. Anali ataonda. Anandipatsa moni ndi manja awiri, akuwerama, mwaulemu wonse uja umene unkapusitsa anthu. Akazi anga anabweretsa tiyi, anamuika patebulo mosayang'ana mlendo, n'kulowa kuchipinda.

Anayamba ndi zapatali, za ntchito, za kuzizira kumene kukubwera. Kenako anatulutsa foni, kaja kopinda, n'kundionetsa chithunzi chosaoneka bwino, chojambulidwa kuchokera pa zenera la basi. Malimu akuda aja ndinawazindikira, popeza ndinawamanga ndekha.

"Achimwene, aliyense amadziwa kuti inu pa galimoto simunama. N'chifukwa chake ndabwera. Iyi yakhala pakhomo pa ana anga kuyambira mwezi wa Ogasiti. Ndi ya apolisi?"

"Mtundu umenewu apolisi akuugwiritsa ntchito masiku ano," ndinatero.

"Zimenezo ndikudziwa, ndimatsuka magalimoto ine. Koma za apolisi zimakhala ndi tinyali tobisika kutsogolo. Iyi sindinationepo. Nambala yake ndi wamba. Ndipo apolisi ake ati olondera nyumba imodzi miyezi yonseyi?" Anasendeza mpando. "Mtima wanga ukundiuza kuti pali wina akundiseweretsa. Ndikufuna ndipite ndikasuzumire pa galasi. Ndikapeza kuti ndi masewera, ameneyo adzandidziwa."

Apa ndinakumana ndi mnzanga wokayikira, ndipo ankakayikira molondola. Ndinayang'ana manja ake atagwira kapu, zala zikuluzikulu zosweka ndi sopo. Kenako, mwadzidzidzi, anayamba kulira. Anati ana ake wawasowa, sagona, amangomva mawu awo. Anati msuweni wake ku Indiana wamupezera ntchito ku fakitale, koma sangachoke asanadziwe zoona. Ngati ndi apolisi, apita mawa lomwe, chifukwa akagwidwa mayi ake kumudzi afa ndi njala. Ngati si apolisi, sapita kulikonse. Misoziyo inali yeniyeni, sindingamunamizire. Koma diso lotupa lija linalinso lenileni.

"Ndiye ndiuzeni, achimwene. Sindikufunsa za mtundu. Ndi yawo kapena si yawo?"

Ndinatenga foni ija, ndinavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, monga ndimachitira ndi galimoto iliyonse. Ndinamufunsa ngati imasintha malo oima. Anati imasintha. Ndinamufunsa ngati imaima chambuyo nthawi zonse. Anati ee. Ndinamufunsa ngati anaionapo ili ndi fumbi. Anaganiza, n'kupukusa mutu.

"Zatsopanozi nyali amabisa m'kati mwa galasi, simungazione," ndinatero, mawu anga ali bwinobwino. "Ndi yawo. Mukakasuzumira pa galasi limenelo, simudzabwerako."

Anayang'ana tiyi wake. Sanandifunsenso kachiwiri, poti ndani ankandifunsa kachiwiri pa nkhani ya galimoto? Anapukuta m'maso ndi chipewa, anaimirira, n'kundithokoza ndi manja awiri. Anandipempha kuti ndikauze ana kuti bambo awo apita kukagwira ntchito kutali, adzawaimbira. Ndinamuperekeza pa galimoto yanga mpaka pa siteshoni, ndipo ndinadikira mpaka ndinamuona atalowa. Ngakhale pamenepo sindinakhulupirire. Ndinadikira sabata yathunthu, mpaka munthu wina wa ku Indiana, wosadziwa chilichonse, anandiuza pa foni kuti kwabwera Mmalawi watsopano wodziwa kuotcha nyama.

Ndi pamene ndinawaimbira mayi a mapasa. Linali Lamlungu masana, anali atangofika kuchokera kuntchito.

"Achemwali, apita. Ali ku Indiana, ayamba ntchito."

Ndinkangomva kupuma kwawo. Kenako chapatali ndinamva mawu a mapasa aja, akuyankhulira pamodzi m'Chingerezi chawo chothamanga, kupempha kuti akakwere njinga panja. Zinkamveka kuti ndi pempho la tsiku ndi tsiku, la ana ozolowera kukanizidwa. Mayi awo anachotsa foni pakamwa, koma ndinamva bwinobwino zimene anawayankha.

"Pitani. Koma musapitirire galimoto yakuda ija."